Ndinyamule buku liti lozindikirira mbalame za m'nyanja, anangumi ndi ma seal a ku Antarctica?

Kamphepo_KaMwera

Moni nonse a m'gulu lino. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumazidziwa bwino nyanja zozizira za kum'mwera. Ulendo wake ndi wa sitima yapamadzi, masabata atatu m'mwezi wa Januwale, kunyamuka ku Ushuaia, kum'mwera kwa Argentina, kudzera ku zilumba za Falkland ndi South Georgia, kukafika ku Antarctic Peninsula, n'kubwerera podutsa Drake Passage, nyanja ya pakati pa South America ndi Antarctica. Masiku ambiri adzakhala a pakati pa nyanja, ndiye zoonera zidzakhala mbalame zouluka ndi anangumi.

Kodi lilipo buku limodzi lokwanira ulendo wonsewu, kapena pafunika angapo? Nanga labwino ndi liti, la zithunzi za kamera kapena la zithunzi zojambula pamanja? Mabuku akale a m'ma 1980 amapezeka motchipa, kodi angathandizebe? Ena akuti pulogalamu ya pafoni ndi yokwanira, koma ndikukayika. Cholinga changa n'choti ndizitha kutchula dzina lolondola la chimene ndaona, komanso zimene ndalemba zikhale zoti ena angazikhulupirire.

MlondaWaMafunde

Takulandirani. Buku limodzi lokhudza ulendo wonsewo lilipo, ndi la Hadoram Shirihai lotchedwa A Complete Guide to Antarctic Wildlife, lomwe zithunzi zake zapamanja anajambula ndi Brett Jarrett. Linatuluka koyamba mu 2002, ndipo lokonzedwanso linatuluka mu 2007 ku London ndi mu 2008 ku Princeton. Mugule lokonzedwansolo. Muli mbalame, ma seal (nyama za m'nyanja zimene zimatuluka kukagona kumtunda kapena pa madzi oundana), anangumi ndi ma dolphin, mapu osonyeza kumene chilichonse chimapezeka, komanso mitu yofotokoza zilumba chimodzichimodzi. Vuto lake ndi kulemera. Masamba ake ndi oposa 500, moti simungaligwire ndi dzanja limodzi muli panja mphepo ikuwomba, dzanja linalo litagwira chitsulo cha m'mbali mwa sitima. Limenelo ndi la m'chipinda, lowerenga madzulo mukamayerekezera ndi zimene mwalemba masana.

Loyenda nalo m'thumba la jekete likhale laling'ono. La James Lowen la mu 2011, Antarctic Wildlife: A Visitor's Guide, analikonza motsatira njira ya sitima: Beagle Channel (pamene pali Ushuaia), Drake Passage, kenako Peninsula. Kakonzedwe kameneka n'kothandiza chifukwa mumatsegula chigawo cha malo amene muli n'kuona zokhazo zimene zingapezeke kumeneko. Koma dziwani kuti South Georgia sali m'njira imene bukulo likutsatira. Za kumeneko muzipeza m'buku la Robert Burton ndi John Croxall la mu 2012, A Field Guide to the Wildlife of South Georgia.

Ngati mtima wanu uli kwenikweni pa ma albatross ndi ma petrel, mbalame zouluka pakati pa nyanja, onjezani limodzi mwa awa: Albatrosses, Petrels and Shearwaters of the World la Derek Onley ndi Paul Scofield la mu 2007, lomwe ndi la zojambula pamanja ndiponso lopepuka, kapena Oceanic Birds of the World la Steve Howell ndi Kirk Zufelt la mu 2019, lomwe ndi la zithunzi za kamera.

Pa funso la kamera kapena pamanja, yankho langa ndi lakuti wongoyamba kumene ayambe ndi zojambula pamanja. Wojambula amaika mbalame ziwiri zofanana moyandikana, zitatambasula mapiko mofanana, kuwala kuli kofanana, ndipo diso limaona msanga pamene zasiyana. Chithunzi cha kamera ndi cha mbalame imodzi, tsiku limodzi, pa kuwala kwa tsikulo. Phiko lotuwa limaoneka loyera dzuwa likawala, ndipo limaoneka lakuda kukachita mitambo. Ubwino wa kamera umaonekera pambuyo pake, mukafuna kudziwa mmene mbalame imaonekera nthenga zitaperepeseka kapena zikuthothoka, zomwe ojambula pamanja nthawi zambiri amazisalaza.

Tsono za mabuku akale. La Peter Harrison la mu 1983, Seabirds: An Identification Guide, linaphunzitsa anthu ambirimbiri, ndipo malongosoledwe ake a kaulukidwe akadali abwino. Koma mayina ake anatsalira. Pa nthawiyo akatswiri ankawerenga mitundu ya albatross yosapitirira 14. Mu 1998 Robertson ndi Nunn anaigawa kufika pa 24, ndipo lero mgwirizano wa mayiko woteteza mbalamezi, ACAP, umawerenga mitundu 22. Amene buku lakale limangomutcha wandering albatross, lero ndi mitundu inayi: wa ku South Georgia ndi zilumba zina za kum'mwera kwambiri, wa ku Tristan, wa ku Antipodes ndi wa ku Amsterdam Island. Royal albatross naye anagawidwa pawiri, wa kumpoto ndi wa kum'mwera. Ndiye mukalemba dzina la m'buku lakale, amene adzawerenge sadzadziwa kuti mukunena uti. Ngati mukufuna la Harrison, lilipo latsopano la mu 2021 lomwe analemba ndi Martin Perrow ndi Hans Larsson, ngakhale nalonso ndi lolemera.

Chinthu chimodzi chimene chimathetsa chisokonezo cha mayina: tengani pensulo, mulembe dzina la sayansi pambali pa dzina la Chingerezi m'kabuku kanu. Mbalame yomweyo buku lina likuti wandering albatross, lina likuti snowy albatross, koma onse akuvomerezana pa Diomedea exulans.

Pulogalamu ya pafoni ikhale yongowonjezera. Intaneti ya pasitima ndi yosadalirika, choncho zonse muzikopere m'foni musananyamuke. Kuzizira kumatha batire mwamsanga, galasi la foni silimva chala chovala magolovesi okhuthala, ndipo likanyowa ndi madzi amchere limangodzisinthira masamba lokha.

Nthenga_Zoyera

A MlondaWaMafunde afotokoza bwino za mabuku. Ine ndionjezepo za kagwiritsidwe ntchito kake, chifukwa buku labwino limasocheretsanso munthu akalitsegula pa nthawi yolakwika.

Ntchito yaikulu ichitike musanakwere sitima. Pitani tsamba ndi tsamba, muone mapu, muike kachizindikiro pa mbalame zokhazo zimene zimapezeka m'njira yanu m'chilimwe cha kum'mwera. Mupeza kuti mwa mitundu mazanamazana ya m'buku la dziko lonse, yanu ndi makumi ochepa chabe. Matani timapepala m'mphepete mwa masamba amenewo. Kenako lowezani mbalame ziwiri zoti zikhale muyeso wanu, black-browed albatross wa zazikulu ndi Cape petrel wa zapakatikati. Ziwirizi zimatsatira sitima kawirikawiri, ndiye mbalame yachilendo ikatulukira mumatha kunena kuti ndi yaikulu kuposa iyi, yaing'ono kuposa iyo. Panyanja palibe mtengo kapena nyumba yoyerekezera nayo, ndipo kukula kwa mbalame n'kumene anthu amalakwitsa kwambiri.

Mbalame ikadutsa, musathamangire buku. Iyang'aneni mpaka itasowa, ndipo muyang'ane mwa dongosolo ili: kukula, kaulukidwe, kunsi kwa phiko, pamwamba pa phiko, mutu, mchira, ndipo ikayandikira, mlomo. Lembani zimene mwaona, ngakhale mawu asanu okha. Mukatero ndiye mutsegule buku. Mukayamba ndi buku, maso amakumbukira zimene zili pa tsamba, n'kuyamba kukhulupirira kuti munaona mzere umene simunauone.

Pali mbalame zingapo zimene zimasokoneza aliyense m'njira imeneyo, ndipo masamba ake muwawerenge mobwereza.

Zazikulu kwambiri ndi wandering ndi southern royal. Onse mapiko awo amapitirira mamita atatu akatambasula, ndipo onse amayererayera akamakula. Kusiyana kuli pa mmene kuyerako kumafalikira pamwamba pa phiko. Kwa southern royal kumayambira m'mphepete mwakutsogolo n'kumabwerera m'mbuyo. Kwa wandering kumayamba ngati chigamba choyera pakati pa phiko pafupi ndi thupi, n'kumakula kuchokera pamenepo. Akayandikira, royal ali ndi kamzere kakuda motsatira pamene milomo iwiri imakumana, pomwe wandering alibe. Wandering nthawi zambiri amakhala ndi nthenga zakuda kunsonga kwa mchira, ndipo ena amakhala ndi kabanga kapinki m'mbali mwa khosi kuseri kwa khutu. Mwana wa wandering ndi wabulawuni thupi lonse, nkhope yokha yoyera, ndipo zimamutengera zaka zambiri kuti ayere. N'chifukwa chake buku labwino limamuonetsa pa misinkhu isanu kapena kuposa. Buku limene lili ndi chithunzi chimodzi chokha cha wamkulu silikuthandizani pano, chifukwa ambiri amene mudzawaone ali pakati.

Ana a black-browed ndi a grey-headed ndi vuto lina. Akuluakulu savuta: black-browed mlomo wake ndi wachikasu chopita ku olenji, grey-headed ndi wakuda wokhala ndi mizere yachikasu pamwamba ndi pansi. Koma ana onse awiri kunsi kwa phiko n'kodera, ndipo onse ali ndi kotuwa m'khosi. Yang'anani mlomo. Wa mwana wa grey-headed ndi wakuda wonse, wa mwana wa black-browed ndi wotuwirako, nsonga yokha ndiyo yakuda.

Ma giant petrel ndi mitundu iwiri, yomwe inalekanitsidwa mu 1966. Musadalire mtundu wa nthenga, chifukwa umasintha ndi msinkhu. Nsonga ya mlomo ndiyo imanena zoona: yobiriwira ndi wa kum'mwera, yofiirira ndi wa kumpoto. Mukaona woyera thupi lonse wokhala ndi timadontho takuda apa ndi apo, ameneyo ndi wa kum'mwera, popeza wa kumpoto sakhala woyera choncho.

Ma prion ndiwo amafuna kudzichepetsa. Ndi timbalame totuwa mopita ku buluu, tokhala ndi chizindikiro chonga chilembo cha M pamsana ndi pamapiko, ndipo timauluka mokhotakhota pafupi ndi madzi. Mabuku amasiyanitsa Antarctic prion ndi slender-billed prion potengera kukula kwa mlomo ndi maonekedwe a nkhope, zinthu zimene zimaoneka bwino mbalame ili m'manja. Pa mtunda wa mamita 200 sitima ikugwedezeka, nthawi zambiri sizitheka. Chimene chimatheka ndi kuona mchira. Ma prion onse nsonga ya mchira ndi yakuda, ndipo kwa fairy prion kudako n'kotakata. Mukaona kofanana nawo koma nsonga ya mchira ili yoyera ndipo pamutu pali poderapo, ameneyo ndi blue petrel. Zikakanika, lembani kuti prion wosadziwika mtundu. Kulemba choncho si kulephera, ndipo akatswiri enieni amatero tsiku lililonse. Chimodzimodzinso ma diving petrel a ku South Georgia, omwe mitundu yake iwiri siisiyanitsika bwinobwino ikamauluka.

Pomaliza timbalame tating'ono takuda tovina pamadzi. Wilson's storm petrel mimba yake ndi yakuda ndipo mapazi amapitirira mchira akamauluka. Black-bellied storm petrel m'mbali mwa mimba ndi moyera, ndipo pakati pamadutsa mzere wakuda umene umaoneka pokhapokha akapendekeka.

Kamphepo_KaMwera

Zikomo kwambiri akuluakulu, izi ndazikopera. Nanga za anangumi ndi ma seal? Zithunzi za m'mabuku zimaonetsa nangumi yense kuyambira kumutu mpaka kumchira, koma ndikumva kuti panyanja munthu amangoona msana kwa kanthawi kochepa. Ndiye chithunzi choterocho chimathandiza bwanji?

Chipsepse_Chachitali

Mwafunsa pamene pali nkhani. Chithunzi cha nangumi wathunthu n'chokongola, koma pasitima chimene mudzaone ndi nthunzi ya mpweya wake, kachigawo ka msana, chipsepse chapamsana, ndipo mwa mwayi mchira. Choncho posankha buku la anangumi, tsegulani muone ngati lili ndi tizithunzi totsatizana toonetsa mmene nyamayo imatulukira ndi kumirira. Mabuku a Mark Carwardine, lalikulu la mu 2020 ndi laling'ono la mu 2022, ali nato. Koma mulibe ma seal. Ngati mukufuna zonse m'buku limodzi, lilipo la Shirihai ndi Jarrett la mu 2006, Whales, Dolphins and Seals.

Poyang'ana, dzifunseni mafunso atatu motsatizana. Nthunzi yake ndi yotani? Chipsepse chapamsana chaoneka nthawi imodzi ndi nthunziyo kapena pambuyo pake? Pomira wakweza mchira kapena ayi?

Humpback ndiye mudzamuone kwambiri ku Peninsula. Nthunzi yake ndi yotambalala, yotalika pafupifupi mamita atatu, amapinda msana kwambiri pomira, ndipo kawirikawiri amakweza mchira. Zipsepse zake za m'mbali ndi zazitali, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi lonse. Fin whale nthunzi yake ndi yaitali ndi yowongoka, msana umatenga nthawi kudutsa chipsepse chisanatulukire, ndipo sakweza mchira kawirikawiri. Chizindikiro chake chosakayikitsa chili pa nsagwada ya m'munsi, yomwe ndi yoyera kumanja ndi yakuda kumanzere. Ndiye ngati mwamuona kumanzere kokha, simunatsimikize. Sei whale amasokonezedwa ndi fin, makamaka chakufupi ndi Falkland. Kwa sei, nthunzi ndi chipsepse zimaoneka nthawi imodzi, chipsepsecho n'choimirira, ndipo pomira amangotitimira osapinda msana kwenikweni. Blue whale nthunzi yake imatha kufika mamita 9 kapena kuposa, khungu lake ndi lamawangamawanga, ndipo kachipsepse kake n'kakang'ono, kali kumbuyo kwenikweni. Southern right whale alibe chipsepse chapamsana, ndipo nthunzi yake imagawika pawiri ngati chilembo cha V. Sperm whale nthunzi imapita kutsogolo mopendekera kumanzere, chifukwa bowo lake lopumira lili kumanzere kwa nsonga ya mutu. Antarctic minke ndi wamng'ono, amatulukira mwadzidzidzi pakati pa zidutswa za madzi oundana, ndipo nthunzi yake nthawi zina siioneka n'komwe.

Samalani ndi mphepo. Ikakula, nthunzi iliyonse imagonekedwa pansi n'kumwazika, ya V ija imaoneka ngati imodzi, ya fin imaoneka yaifupi ngati ya humpback. Komanso nthunzi ya V imaoneka bwino mukakhala kutsogolo kapena kumbuyo kwa nyamayo. N'chifukwa chake pa zolemba zanu muziika mphamvu ya mphepo pa muyeso wa Beaufort.

Pa ma killer whale, nyama zakuda ndi zoyera za m'gulu la anangumi ndi ma dolphin, chaka cha buku chimagwiranso ntchito. Mu 2003 Pitman ndi Ensor anafotokoza mitundu itatu ya ku Antarctica, A, B ndi C. Wa mtundu wa B, amene amaoneka ku Peninsula, ali ndi banga lalikulu kwambiri loyera kuseri kwa diso, msana wotuwa, ndipo nthawi zambiri amaoneka wachikasu chifukwa cha ndere zing'onozing'ono zomera pakhungu. Pambuyo pake anagawidwa kukhala B1 wamkulu, wosaka ma seal pamadzi oundana, ndi B2 wocheperako, wodziwika ku Gerlache Strait, ku Peninsula komweko. Wa mtundu wa D, wa mutu wozungulira ndi kabanga kakang'ono kwambiri pa diso, anafotokozedwa mu 2011. Mabuku ambiri osindikizidwa chaka cha 2010 chisanafike samutchula ndi dzina limenelo.

Ma seal ndi osavuta chifukwa amagona malo amodzi, koma atatu amasokonezabe. Crabeater ndi wowonda, mphuno yaitali ngati ya galu, ubweya wotuwa mopita ku kirimu, amagona m'magulu pa zidutswa zoyandama, ndipo ambiri ali ndi zipsera zazitali zoyenda ziwiriziwiri zimene anazipeza ali ana pothawa leopard seal. Ngakhale dzina lake likunena za nkhanu, chakudya chake ndi krill, tinyama ting'onoting'ono ta m'nyanja tofanana ndi shrimp. Weddell ndi wonenepa, kamutu kakang'ono poyerekeza ndi thupi, nkhope yaifupi, thupi lamawanga, ndipo amakonda kugona pa chipale chofewa m'mphepete mwa gombe kapena pa madzi oundana olumikizana ndi mtunda. Leopard amakhala yekha, mutu waukulu, kamwa lalitali, khosi looneka bwino, zipsepse zakutsogolo zazitali. Mukakayika, yambani ndi kukula kwa mutu poyerekeza ndi thupi. Mtundu wa ubweya umanyenga, chifukwa seal wonyowa amaoneka wakuda pomwe yemweyo akauma amayera.

MlondaWaMafunde

Pa zimene anena a Nthenga_Zoyera zoti muzilemba musanatsegule buku, ndikuvomereza, koma pa ma prion ndi ma diving petrel kamera imaposa pensulo. Ikani liwiro la kamera pa 1/2000 ya sekondi kapena kufulumira kuposa apo, jambulani zithunzi zambiri motsatizana, madzulo mukuze chithunzi n'kuyerekezera mlomo ndi nkhope ndi zimene zili m'buku lalikulu lija. Ambiri amene masana anali osadziwika amadziwika choncho. Wotchi ya kamera muikonze kuti igwirizane ndi nthawi ya sitima, apo ayi simudzadziwa malo amene chithunzi chinajambulidwa.

Zoonera patali zikhale 8x42 kapena 7x50 (nambala yoyamba ikunena mmene zimakuzira chinthu) zosalowa madzi. Za 10x zimakulitsanso kugwedezeka kwa sitima, ndipo telesikopu siigwira ntchito injini ikunjenjemeretsa pansi. Lembani ndi pensulo m'kabuku ka pepala losanyowa, chifukwa inki imakana kutuluka kukazizira ndipo imafufutika ndi madzi. Pochoka panja kulowa m'kati motentha, kamera ndi zoonera patali muziike m'pulasitiki yotseka bwino kufikira zitafunda, apo ayi chinyezi chimadzaza pa magalasi. Mchere wa pagalasi muyambe mwautsuka ndi madzi abwino musanapukute, chifukwa mukaupukuta wouma umakanda.

Kumtunda buku likhale m'thumba la jekete kapena m'chikwama chimene chili kumsana. Chimfine cha mbalame cha H5N1 chinapezeka ku Bird Island, ku South Georgia, mu Okutobala 2023 mwa mbalame zotchedwa brown skua, ndipo mu Febuluwale 2024 chinatsimikizika ku Antarctic Peninsula. Malamulo a IAATO, bungwe la makampani otengera alendo kumeneko, amaletsa kukhala pansi, kugwada, kugona kapena kuika katundu pansi pa malo a nyama, ndipo muyenera kutalikira mamita osachepera asanu, kapena 15 kwa ma fur seal. Ndiye kuyala buku pamwala kuti muwerenge n'kosaloledwa. Masamba a ma penguin muwadziwiretu. Mwana wa Adélie ali ndi kukhosi koyera, ndipo anthu amamuyesa chinstrap, koma alibe kamzere kakuda kodutsa kunsi kwa chibwano. Macaroni nthenga zake zachikasu zimakumana pamphumi, za rockhopper sizikumana. Mbalame zotchedwa ma tern nazo: m'Januwale Antarctic tern wamkulu amakhala ndi chipewa chakuda chonse ndi mlomo wofiira chifukwa akuswa, pomwe Arctic tern wochokera kumpoto amakhala ndi mphumi yoyera ndi mlomo wakuda. Chenjerani ndi ana a Antarctic tern, omwe nawonso mphumi ndi yoyera.

Munati mukufuna zolemba zoti ena azikhulupirire. Pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zimene mwaona, pali njira yapadera ya panyanja, yogwira ntchito mukatalikira mtunda ndi mamailosi oposa awiri, ndipo mndandanda uliwonse usapitirire mphindi 60. Ola likatha, yambani wina ndi malo atsopano a GPS. Chifukwa chake n'chakuti sitima imayenda mtunda wautali pa tsiku, ndipo mukadutsa Antarctic Convergence, pamene madzi ozizira a kum'mwera amakumana ndi ofundirako a kumpoto, mitundu ya mbalame imasintha m'maola ochepa. Mndandanda wa tsiku lonse umabisa kusintha kumeneko. Kutentha kwa madzi mukhoza kufunsa kwa oyendetsa sitima n'kukulemba pambali. Zithunzi za kunsi kwa mchira wa humpback muzitumize ku Happywhale, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa zithunzi za anangumi, pamodzi ndi tsiku ndi malo, chifukwa mawanga a mchira wa nangumi aliyense ndi akeake, ndipo amawagwiritsa ntchito pomulondola kuchokera kumene amadya ku Peninsula mpaka kumene amakaswana m'madzi ofunda a ku Ecuador ndi Colombia.